Lezala limodzi pa maliro a bambo anga

Ndikukumbukira kutentha kwa tsiku limene tinameta maliro a bambo anga. Zambiri za chaka chimenecho zinafufutika m'mutu mwanga, koma dzuwa lija ayi. Kwathu kuno kuchigwa, mukangotsika phiri n'kufika ku Golomoti, mwezi wa Seputembala mchenga umawotcha mapazi ngati munalakwirana, ndipo milambe imakhala itayoyola masamba onse, yangoti mbuu, yopanda ndi mthunzi womwe. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili Sitandade 3, nthawi ija sukulu yaulere inali itangoyamba kumene. Bambo anadwala miyezi yambiri. Ambuye anawatenga Lachiwiri, tinawaika Lachitatu.

Mayi anga, aNabanda, anali mkazi wa chitengwa. Kwawo kunali kufupi ndi ku Mua, koma bambo anawatenga kukakhala nawo kumudzi kwa makolo awo. Pamudzi pamenepo mayi analibe wawo. Anali ndi ine, ndi mlongo wanga wakhanda kumsana, ndi kolona yawo, basi. Amene ankamveka mawu pabanjapo anali awiri. Woyamba anali abambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, munthu wofatsa wosakonda phokoso. Wachiwiri anali azakhali, aNangozo, mlongo wawo wa bambo, amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika wa Mtakataka. Azakhali akayamba kuyankhula, ndi nkhuku zomwe zinkasiya kupalasa.

Patapita masiku atatu linafika tsiku lometa. Maliro akachitika, abale tonse tinkametedwa mpala, kuti tsitsi limene linaona imfa lichoke, limere latsopano. Mwambo umenewu ine sindiunyoza. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mmene anauchitira. Azakhali anayala mkeka kuseri kwa nkhokwe, anaika beseni la madzi ndi kachidutswa ka sopo, kenaka anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kutulutsa lezala limodzi. Limodzi, la fuko lonse. Mayi anga, maso ali otupa ndi kulira, analowa m'nyumba n'kukatenga malezala awiri atsopano, adakali m'mapepala ake, amene bambo anasiya m'kabokosi kawo kometera ndevu. Anagwada, anawapereka ndi manja awiri.

"Alamu, awa anasiya eni ake. Mwina angathandize, anthu tachuluka."

Azakhali sanatambasule ndi dzanja lomwe. "Maliro amodzi, lumo limodzi. Mwayamba kale kutigawa, mchimwene wanga asanazizire n'komwe? Zimenezo muzikachita kwanu."

Mayi anabweza malezala aja, anakhala pansi, anaweramitsa mutu. Panalibe amene anawayankhulira.

Anayamba kumeta akuluakulu, kenaka tinabwera anafe. Oyamba anali ana awiri a abambo aakulu. Wachitatu anali Felista, mwana wa azakhali, msuweni wanga, wa msinkhu wanga. Felista ameneyu chibwerere ku maliro anali atavala chipewa choluka chofiira, chija amavala ana akumtunda ku Dedza mwezi wa Juni. Ife tinkamuseka kuti, "Asuweni, mukupsetsa nthochi m'chipewamo?" Iye ankangotitukwana, osavula. Nthawi yake itakwana, azakhali anamutembenuza kuti ayang'ane kunkhokwe, iwo n'kutchinga ndi msana wawo. Anamuvula chipewa, anapala mofulumira, anamuvekanso. Ine ndinali wotsatira, ndiye ndinali pafupi. Ndinaona pa lezala paja patamatirira zoyera ngati gaga. Azakhali anangolipukuta kamodzi pachitenje, anandikoka khutu, n'kuika mutu wanga pakati pa mawondo awo.

Lezala linali litatha kale mano. Silinkameta, linkazula. Ndinkamva khwee, khwee, fungo la nsomba la chitenje chawo lili m'mphuno, sopo akulowa m'timabala. Atamaliza ine anameta ana atatu a abale ena, ndipo pomalizira penipeni, monga namfedwa, anameta mayi anga.

Masabata awiri kapena atatu atadutsa, m'mutu munayamba kuyabwa. Tsitsi linkamera bwino, koma pamalo anayi silinamere. Panatuluka timabwalo tozungulira, totuwa, tofanana ndi zotsekera mabotolo, ndipo ukakanda pankagwa zoyera. Chipere. Kusukulu tinkakhala pansi mothithikana, mawondo kugundana, koma ine mwadzidzidzi ndinapeza malo aakulu. Anzanga ankasendera uko, ena ankati m'mutu mwanga muli mabwalo a mpira, abwere adzasewere. Mayi nawo kanatuluka kamodzi pakhosi, kuseri kwa khutu.

Muyenera kudziwa kuti mayi anga anali munthu wotani. Pabwalo pathu ankasesa kawiri patsiku. Mapoto ankawakwecha ndi mchenga mpaka unkadziona nkhope. Ine ankandisambitsa ndi mwala mpaka ndinkathawa. Ngakhale masiku amene sopo kunalibe, ankachapa ndi madzi okha n'kuyanika padzuwa. Umphawi tinali nawo, sitikana. Koma uve ayi.

Ndiye azakhali anabwera kudzazonda. Atangondiona anandigwira chibwano, anatembenuza mutu wanga uku ndi uku ngati dzungu la pamsika, n'kukweza mawu kuti a nyumba zonse amve.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Mwezi sunathe, mwana wa mchimwene wanga wayamba kuola mutu. Ndi mayi ake omwe, onani pakhosipo. Uve wamtundu wanji umenewu? Tsiku losudzula, mayiyu azipita kwawo ndi wakhandayo. Sesiliya ndikumutenga ine."

Sesiliya ndine. Kusudzula ndi mwambo uja womasula namfedwa kuti abwerere kwawo, ndipo abale anali atagwirizana kuti udzachitika kumapeto kwa Okutobala. Aliyense pamudzipo ankadziwa kuti azakhali ankafuna mwana wowatungira madzi ndi kuwaingitsira ntchentche pansomba. Koma tsopano anali ndi chifukwa chooneka ndi maso, chili pamutu panga. Abambo aakulu anangoti, "Tidzaona tsikulo," ndipo mayi analowa m'nyumba. Ndinawapeza atagwada pafupi ndi mphasa, milomo ikuyenda, mawu osatuluka.

M'mawa mwake mayi atapita kumjigo, azakhali anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anali ndi chitsononkho chouma ndi kabotolo ka mafuta a buleki, amene anapempha kwa okonza maminibasi pa Golomoti. Anati ndiwo mankhwala a chipere, aliyense amadziwa. Anandipana m'mawondo muja, anapala zipere zonse ndi chitsononkho mpaka magazi, kenaka anathira mafuta aja.

Ndabereka ana anayi, ndikudziwa ululu. Koma uja unali wina. Zinali ngati wina wandisenzetsa mbaula. Ndinakuwa, ndinadzikodzera, ndinathamangira m'munda wa eni ake n'kumakwirira mutu m'dothi. Pofika madzulo pamutu panali matuza, ndipo chipere chachikulu cha pamwamba pa khutu lamanzere chinasanduka bala lonyowa. Mpaka lero pamenepo tsitsi silimera. Ndikamaluka ndimachita kubisa.

Nkhani imeneyi ndakhala ndikuitenga kokalapa kangapo konse. Abambo mfumu ena anafika pondifunsa kuti, "Mayi, azakhali omwe aja?" Ndinati omwewo. Kukhululuka ndinakhululuka, Mulungu ndi mboni. Koma ndikagwira chipsera chimenechi mtima umachitabe phaa. Mwana woti bambo ake angomwalira mwezi usanathe, kumuthira mafuta a galimoto m'mutu, kenaka n'kumauza anthu kuti wauve ndi mayi ake! Ndipo akuluakulu onse aja anamva kukuwa kwanga, palibe anatuluka.

Chimene chinatipulumutsa ndi sikelo ya mlongo wanga. Kamodzi pamwezi kunkabwera amayi a zaumoyo panjinga, kudzayeza makanda pansi pa mtengo wa bwemba pafupi ndi tchalitchi. Dzina lawo ndinaiwala, koma pa mapemphero anga amakhalapo, Ambuye akulidziwa. Mayi ananditenga nditafunda duku. Atatha kuyeza mwana, anadikira anthu achepe, n'kundivula. Amayi aja anayang'ana, anaika bolopeni pansi.

"Wachita izi ndani?"

Mayi anayankha motsitsa mawu kuti ndi achibale, ankafuna kuthandiza.

"Kuthandiza! Mwanayu ndi minibasi?"

Anatsuka bala lija, kenaka anakhala nafe pabenchi n'kutifotokozera bwinobwino, mopanda kutikalipira. Anati chipere ndi m'bale wake wa chuku chija chimamera pachimanga chikasungidwa chonyowa. Chimakonda thukuta ndi pofunda, ndipo sichimera chokha, chimachita kusamuka kuchoka pamutu wina kupita pa wina, pachipeso, pachipewa, pansalu yopukutira, pamtsamiro, palumo. Anati ngakhale mwana wosamba katatu patsiku chimamugwira ngati wapesera chipeso cha mnzake amene ali nacho. Cha pakhosi ngati cha mayi chimatha ndi mankhwala opaka, koma cha m'mutu chimalowa m'mizu ya tsitsi, chimafuna mapiritsi a kuchipatala, kumwa masabata angapo osadumphitsa. Anatilembera kapepala. Anatiuzanso kuti ine ndikhale ndi chipeso changa, nsalu yanga yopukutira, chitenje changa chotsamira, zonse zizichapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa, zikhadabo ziziwengedwa, ndipo duku ndizivula mutu uzipitidwa mphepo.

"Dzuwa lanu lomwe mumalidandaulali," anatero, "ndi theka la mankhwala. Koma tandiuzani, mayi. Pamudzipo ali nacho ndani wina? Nanga n'chiyani chimene mitu yanu inagawana?"

Mayi anapinda kapepala kaja. Tinanyamuka. Koma titafika podutsa njanji anaima, anatulutsa kolona, ndipo ndinaganiza kuti tiyamba kupemphera pomwepo padzuwa. Ayi. Anagwira mkanda umodziumodzi, akutchula maina a anthu monga momwe anakhalira pamkeka tsiku lometa. Akuluakulu onse, alibe. Ana awiri a abambo aakulu, alibe. Anadumpha mkanda umodzi. Sesiliya, ali nacho. Ana atatu aja, onse ali nacho. Iwo eni, ali nacho. Kenaka anabwerera pa mkanda umene anadumpha uja, anaugwira nthawi yaitali.

"Sesiliya, iwe unali pafupi. Unaona chiyani pamutu pa Felista?"

Ndinawauza za msana wa azakhali, ndi zoyera zija pa lezala. Anangoti, "Chabwino. Usauze munthu." Mawa lake tinayenda wapansi kupita kuchipatala, tinalandira mapiritsi ndi mankhwala opaka. Kuyambira tsiku limenelo chingwe chathu choyanikira sichinapume. Chipeso changa anachimanga kaulusi kofiira kuti chisasokonekere. Mapiritsi ndinkamwa iwo akuona, amvekere, "Yasamula ndione." Anapitanso kwa amayi a ana atatu aja kukawauza za kuchipatala. Awiri anamvera, mmodzi anati mkazi wa chitengwa asamuphunzitse kulera.

Tsiku losudzula linafika kukutentha kuposa tsiku lometa. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango wa abambo aakulu, amuna pamipando, akazi pamikeka. Kwa mayi kunabwera amalume anga okha, munthu wachibwibwi amene sakanatha kulimbana ndi azakhali. Zovala za bambo zitagawidwa, azakhali anaimirira. Anayankhula nthawi yaitali, za magazi a mchimwene wawo, za mwana woola mutu, za sopo amene kwawo sasowa. Anandiimiritsa pakati kuti onse aone. Zipere zinali zitayamba kuuma, koma zipsera za mafuta aja zinkaoneka zoopsa, ndipo iwo sananene kuti zinabwera bwanji. Ndinaona amuna akugwedeza mitu. Ndinayang'ana kathumba ka zovala zanga kamene azakhali anali atamanga kale, kali pafupi ndi phazi lawo.

Namfedwa patsiku limeneli sayankhula, amangowerama. Koma mayi anga anasendera kutsogolo chogwada, anaomba m'manja katatu.

"Alamu aakulu, pepani, ndikudziwa si malo anga. Sinditsutsa munthu. Ndikungopempha ana onse akhale pamkeka apa, monga momwe anakhalira tsiku lometa."

Abambo aakulu anadabwa, koma anavomera. Ana awo awiri anakhala koyambirira, mitu yakuda bii, tsitsi lodzaza. Mayi anasiya mpata wa munthu mmodzi, anakhazika ine, kenaka atatu aja, aliyense ndi mabwalo ake. Pomalizira anakhala iwo, anatsitsa duku kuonetsa pakhosi. Palibe anafunika kuuzidwa kanthu. Mzere unkayankhula wokha: uku koyera, uku kodwala, pakati mpata.

"Apa panali ndani?" anafunsa abambo aakulu.

Ana onse anatembenukira kwa Felista. Anali atakhala kuseri kwa mayi ake, chipewa chofiira chija chili kumutu, thukuta likutsika m'masaya.

"Mwanayu khutu limamupweteka, asavule," anatero azakhali msangamsanga. "Za ana izi zikugwirizana bwanji ndi nkhani yathu?"

Koma Felista anaimirira yekha. Anayenda, anadzakhala pampata paja pafupi ndi ine, ndipo anati, "Amayi, ine ndatopa, kukutentha." Anavula chipewa.

Mayi wina anakuwa kuti mayo. Mutu wa Felista unali woposa wanga kutalitali. Zipere zinali zitalumikizana, pena potupa pakutuluka mafinya, ndipo pamwamba ponse panali zipsera zofanana ndi zanga. Naye anamuthira mafuta a buleki, osati kamodzi. Chipewa chija anali atachivala miyezi, chikufunditsa matenda, kuti anthu a pamsika asaone kuti mwana wa aNangozo ali ndi chipere.

Ine ndinkayembekezera kuti mayi tsopano abweza mawu onse aja. Ndinkafuna abweze. Mpaka lero mbali ina ya mtima wanga imafunabe akanabweza. Koma iwo anangokoka Felista, anamugoneka mutu pamiyendo pawo, anayamba kumuuzira mpweya pamabala paja kuti pazizire. Anati, "Alamu, uyu ndi wa mapiritsi, si wa chipewa. Njira ya kuchipatala ndikuidziwa."

Abambo aakulu anafunsa funso limodzi lokha. "Malezala awiri aja munabweretsa tsiku lija, akadalipo?" Mayi anati alipo. Abambo aakulu anapukusa mutu, anayang'ana pansi. Atadzutsa nkhope anati Sesiliya apita ndi mayi ake, ndipo Felista apite nawo akakhale kumeneko kufikira mutu utapola. Anatenga okha kathumba kanga paphazi pa azakhali n'kukapereka kwa amalume.

Azakhali sanapepese. Tsiku limenelo ayi, chaka chotsatira ayi, mpaka kumwalira kwawo ayi. Ankangonena kuti mwambo ndi mwambo, ndipo ana onse amadwala zipere. Felista anakhala nafe ku Mua miyezi iwiri. Tinkagona mphasa imodzi koma aliyense ndi chotsamira chake, chipeso chake chinali cha ulusi wobiriwira, ndipo chipewa chija mayi anachiwiritsa mumphika ngati nyemba. Tsitsi lake linamera, kupatula malo awiri. Tikakumana lero timavulirana maduku n'kumayerekeza kuti azakhali ankakonda ndani kwambiri.

Masiku ano zinthu zinasintha, ndimathokoza. Pa Golomoti pali ometa ndi makina a magetsi a dzuwa, ndipo anthu anaphunzira kuopa lezala la mnzawo chifukwa cha matenda ena aja. Koma chipere sichinapite kulikonse. Ndimaonabe ana pasukulu akubwerekana zipeso, ometa ena akuchotsa makina pamutu wa uyu n'kuika pa wa uyo osapukuta ndi sipiriti yemwe, ndipo mwezi wathawu ndinamva mayi wina kumjigo akulangiza mnzake za mafuta a buleki. Ndinatula chidebe, ndinavula duku, ndinamuonetsa pamwamba pa khutu. Ana anga amati ndimachititsa manyazi. Achite manyaziwo. Kunyumba kwanga aliyense ali ndi chipeso chake ndi nsalu yake, ndipo chonyowa sichigona m'nyumba.

Pamaliro aliwonse a pachibale ndimapita ndi paketi ya malezala m'chikwama, pamodzi ndi kolona. Anthu anafika ponditcha Mayi Malezala, ndipo ndimavomera. Azakhali atamwalira zaka zapitazi, mayi anga anali atatsogola kale. Tsiku lometa ndinayala mkeka ine, ndinatsegula paketi, ndinaika lezala m'dzanja la aliyense. Mkulu wina anayamba kung'ung'udza kuti kale maliro amodzi linkakhala lumo limodzi. Ndisanatsegule pakamwa, Felista anavula duku lake, anakhala pamkeka woyamba, anandipatsa lezala lake lidakali m'pepala.

"Asuweni, yambani ine," anatero. "Koma pazipserapo muzilambalala, pamenepo amayi anameta kale."